Chala Chamanthu Chili pa Tchuthi

Zinayamba ndi kugwa kwa chipeso.
Loweruka, ku Chibavi, pakhonde la saluni yanga,
mutu wa NyaLongwe uli theka,
meshi ili pakamwa panga mwa nthawi zonse,
china chake chinandiluma apa,
pamene ena amamangapo wotchi.
Ndinatola chipeso, ndinaseka, ndinapitiriza.
Mkwatibwi salowa m'tchalitchi ndi theka la mutu.

Zaka khumi ndi zitatu chala ichi
chikupinda, kukanikiza, kukoka, kupindanso,
mizere yopita kunkhongo, mizere yokhotera kukhutu.
Fizi ya Suzgika inatuluka m'menemu,
ndi malata khumi a kanyumba ka ku Masasa.
Sindinachifunsepo ngati chatopa.

Kenako chinayamba kukana tinthu tating'ono:
kufinya thewera la mdzukulu,
kutsegula botolo la mafuta,
kumanga batani m'mawa wa Juni
nkhungu itakhala pa Kaning'ina osafuna kunyamuka.
Usiku ululu unkakwera mkono ngati linthumbu.
Mlamu anati ndi nyamakazi.
Wapabenchi yoyandikana anandinong'oneza:
makasitomala akuchulukira, wina wakutchera.
Ndinatemera mphini ziwiri.
Zipsera zake ndi izi.

Pakabaza ndinagwirira ndi dzanja limodzi
njira yonse mpaka ku Luwinga.
A Msowoya a mafizo sanachulutse mafunso.
"Bisani chala m'chibakera.
Tsopano weramitsirani dzanja kuchala chaching'ono."
Ndinakuwa m'Chitumbuka cha amayi anga
chimene ndinkayesa ndinachiiwala.
"Basi," iwo anatero, "yadziulula yokha."

Akuti mitsempha iwiri yokoka chalachi
imadutsa m'kanjira kopanikizika
ngati chingwe cha kabudula mumpendero wake.
Ikakhulika tsiku ndi tsiku imatupa,
kanjira n'kuchepa,
ndipo kukoka kulikonse kumasanduka moto.
"Wokutcherani ndi ntchito yanu yomwe, mayi."

Anandiveka kachikhakha ka pulasitiki,
chala chili njo ngati chikuyamikira aliyense.
Mapiritsi ochotsa kutupa, koma muzidya kaye.
Kansalu kozizira katatu patsiku.
Ndinati kuno madzi apampopi m'mawa ndi ayisi kale.
Zikakanika pali jakisoni,
mpeni ndi wakumapeto, ambiri safikako.
Koma mankhwala enieni, iwo anati, ndi kupuma,
masabata asanu ndi limodzi.
Ndinafunsa kuti nanga lendi ipumanso?
Anayang'ana m'buku langa lachikasu kwa kanthawi.
Limeneli analibe piritsi lake.

Ndiye Suzgika wakhala pampando wanga.
Ine ndimaluka ndi pakamwa:
gawa apo, usakoke, mwana wa eni akulira.
Mizere yake ikukhota ngati msewu wa ku Nkhata Bay.
NyaLongwe wasamukira kwa wonong'oneza uja.
Ena atsala, amabwera ndi nthochi,
amafunsa za chala ngati ndi munthu wagonekedwa.

Ndaphunzira kunyamula Temwani ndi chikhatho pansi pake,
osamukola m'khwapa ndi zala.
Ndaphunzira kuti dzanja lamanzere limadziwa kusesa,
koma silidziwa kusenda mbatatesi.
Ndaphunzira kukhala chabe,
ntchito yovuta kuposa zonse ndinagwirapo.

Sabata yachisanu anandipatsa kalabala,
konga komangira ndalama kubanki.
Tambasulani pang'onopang'ono, kakhumi, mupume.
Ndimachita zimenezi ndikudikira tiyi,
mvula yamawawa ikusisita malata.

Dzulo ndinamasula kachikhakha.
Khungu layera, lanyala, likununkha bandeji.
Ndinamukhazika Temwani pakati pa miyendo,
ndinagawa tsitsi lake lofewa,
mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu.
Pachinayi chala chinang'ung'udza chapansipansi.
Kale ndikanachiuza kuti khala chete.
Ndinaika chipeso pansi.

Lero mwana wapita kumkaka
ndi theka la mutu.